Mtengo wa Kapok: Kumene Unacokela, Kabyalidwe Kake ndi Nchito Zake

Ena mwa acikulile m'mipingo yathu akumbukila pilo wa masiku akale, wopepuka ngati mulibe kanthu, amene anali kufutukuka akamuika padzuwa. M'kati mwake munali ubweya wosalala, woyela moderako pang'ono, umene ambili anali kuganiza kuti ndi thonje. Ubweya umenewo ndi kapok, ndipo umacokela m'zipatso za mtengo waukulu wa m'maiko otentha.

Caka ciliconse mvula ikayamba, mipingo yambili imabyala mitengo pamalo a chalichi, pasukulu ndi kuminda. Kapok ndi mtengo waphindu, koma sumacita bwino paliponse, ndipo ukabyalidwa pamalo olakwika ungathe kuononga nyumba kapena kubweletsa tizilombo m'munda wa thonje. Nkhani ino ifotokoza zimene munthu kapena mpingo uyenela kudziwa usanakumbe dzenje.

Maina ake ndi mtundu wake

Akatswili a zomela amaucha Ceiba pentandra. Dzina limeneli linakhazikitsidwa ndi Joseph Gaertner wa ku Germany mu 1791. Liu lakuti Ceiba linacokela kwa anthu a mtundu wa Taino a kuzilumba za Caribbean, ndipo pentandra litanthauza kuti duwa lake lili ndi ziwalo zacimuna zisanu. Dzina lakuti kapok linacokela ku cinenelo ca Malay. Anzathu olankhula Kiswahili amati mtengowo ndi msufi ndipo ubweya wake ndi sufi, ndiye cifukwa cake ena olankhula cinenelo cathu amati usufu.

Ngakhale dzina lake ndi lacilendo, kapok uli ndi abale ambili amene tiwadziwa bwino. Uli m'banja limodzi ndi mlambe, thonje, delele ndi lumanda. Ubale umenewu ndi wofunika kuukumbukila, cifukwa zomela za banja limodzi nthawi zambili zimagwidwa ndi tizilombo tofanana.

Maonekedwe ake

M'nkhalango za mvula yambili, kapok umatalika kupitilila mamita 60 ndipo umaonekela pamwamba pa mitengo ina yonse. Umene umabyalidwa m'minda umakhala waufupiko, pakati pa mamita 15 ndi 30. Thunthu lake ndi loongoka. Ukali waung'ono khungwa lake limakhala lobiliwila ndipo nthawi zambili limakhala ndi minga ikuluikulu yosongoka, koma ilipo mitundu ina yobyalidwa imene ilibe minga. Mtengowu ukakula, patsinde pamatuluka mizu yopyapyala yoimilila ngati zipupa, imene imaucilikiza kuti usagwe.

Nthambi zake zimamela mopingasa, m'magulumagulu, gulu lina pamwamba pa linzake. Tsamba lake lili ngati dzanja lotambasula, lokhala ndi timasamba pakati pa 5 ndi 9, ndipo lifananako ndi tsamba la cinangwa. M'cilimwe masamba amayoyoka, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene maluwa amatuluka. Maluwawo ndi ang'onoang'ono, oyela kapena ofiilila pang'ono. Amatseguka madzulo dzuwa litalowa ndipo amatulutsa fungo losakoma kwa munthu koma lokopa mileme. Mileme ndi imene imanyamula mungu kucoka pa duwa lina kupita pa linzake pamene ikumwa timadzi totsekemela ta m'maluwamo. Kukaca, njuci nazo zimabwela kudzatenga zotsala.

Cipatso cake ndi cacitali pafupifupi masentimita 15, cosongoka uku ndi uku. Cimayamba cobiliwila, kenako cimauma n'kukhala cofiilila, ndipo cimasweka mbali zisanu. M'kati muli njele zakuda zoposa 100, zokutidwa ndi ubweya. Cipatso cikasweka cili mumtengo, mphepo imaulutsa ubweyawo pamodzi ndi njele n'kukazigwetsa kutali.

Kumene unacokela

Kwao kwa kapok ndi ku Mexico, ku Central America, kuzilumba za Caribbean, kumpoto kwa South America, ndiponso kumadzulo kwa Africa, kumene umamela wokha m'nkhalango. Kalekale unafika ku Asia, ndipo alimi a pacilumba ca Java ku Indonesia ndi amene anaulima kwambili kuti azigulitsa ubweya wake kunja. Mpaka lelo, Indonesia ndi Thailand ndiwo maiko amene amakolola kapok wambili. Kum'mawa ndi kum'mwela kwa Africa mtengowu unacita kubwela ndi anthu, ndipo umapezeka makamaka pafupi ndi midzi, m'matauni ndi m'malo otentha a m'mbali mwa nyanja.

Malonda a kapok anafika pacimake Nkhondo Yaciwili ya Dziko Lonse isanayambe. Ubweya wake unali kuikidwa m'majekete oyandamitsa munthu pamadzi, amene asilikali ndi anthu a m'sitima za panyanja anali kuvala. Asilikali a Japan atalanda Java mu 1942, dziko la America linasowa kogula kapok, moti mu 1944 ana a sukulu kumeneko anali kutumidwa kukatola zipatso za comela cina ca ubweya cochedwa milkweed kuti cilowe m'malo mwake. Nkhondo itatha kunabwela siponji ndi ulusi wopangidwa m'mafakitale, ndipo malonda a kapok anatsika kwambili. Masiku ano ena ayambanso kuufuna cifukwa ndi wacilengedwe ndipo ukatayidwa umaola, pamene siponji imakhala m'nthaka zaka zambili.

Cimene cimasiyanitsa kapok ndi thonje

Ubweya wa thonje umamela panjele, n'cifukwa cake pamafunika makina kuti aulekanitse ndi njelezo. Wa kapok umamela kukhoma la m'kati mwa cipatso, ndipo njele zimangokhala pakati pake osagwilana nao. Motelo kucotsa njele ndi kosavuta.

Kaubweya kalikonse ndi kacubu kakang'ono kwambili, kotalika pafupifupi masentimita awili, kodzaza ndi mpweya m'kati ndipo kunja kwake kuli phula. Mpweyawo ndi umene umacititsa kuti kapok ukhale wopepuka ndi wofunda, ndipo phulalo limakaniza madzi. Pamadzi, kapok ungathe kunyamula cinthu colemela kuwilikiza nthawi 20 mpaka 30 kulemela kwake. Cina codabwitsa n'cakuti umakana madzi koma umamwa mafuta, ndipo cifukwa ca ici akatswili amauyesa pa nchito yocotsa mafuta otayikila pamadzi.

Koma kusalala komweko ndi kumene kumacititsa kuti ukhale wovuta kupota. Timaubweya timatelela, sitigwilana, ndipo timathyoka msanga. Amene amapanga nsalu za kapok amayamba ausakaniza ndi thonje. Pakhomo, nchito yake yeniyeni ndi yodzazila mapilo, makushoni ndi matilesi.

Kodi ungacite bwino kuti m'Zambia?

Kapok umafuna zinthu zinai: dzuwa lambili, kutentha, mvula yokwanila pa nthawi yokula, ndi cilimwe couma pa nthawi ya maluwa ndi zipatso. Umakonda mvula yoposa mamilimita 1,000 pacaka ndi nthaka yakuya imene sisunga madzi. Padambo pamene madzi amaima mizu yake imaola. Cisanu ca mu Juni ndi Julayi cingaphe mtengo waung'ono.

Nkhani yaikulu kwa ife ndi kuzizila kwa usiku. Usiku ukazizila kutsika pansi pa madigili 17 pa nthawi ya maluwa, mungu sugwila bwino nchito ndipo zipatso zimacepa. N'cifukwa cake minda ikuluikulu ya kapok kumaiko ena ili m'malo otsika, osapitilila mamita 500 pamwamba pa nyanja yamcele. Mbali yaikulu ya dziko lathu ili pamtunda woposa mamita 1,000. Lusaka ndi Chipata zonse zili pamwamba pa muyeso umenewo, ndipo usiku wa m'cilimwe kumazizila ndithu. M'malo otele mtengo ungathe kukula n'kupeleka mthunzi wabwino, koma munthu asayembekezele ubweya wambili caka ciliconse.

Malo otentha ndi otsika ndi zigwa, monga cigwa ca Luangwa, cigwa ca Gwembe, ndi ca kumunsi kwa Zambezi kufupi ndi Chirundu. Kumeneku kutentha n'kokwanila, koma vuto ndi mvula, pakuti zigwa zambili zimalandila mvula yosafika mamilimita 800 pacaka. Wobyala kapok kucigwa asankhe malo a nthaka yakuya, osatalikila kwambili mtsinje kapena citsime, ndipo akonzeke kuthilila zaka ziwili zoyambilila. Kumpoto kwa dziko mvula ndi yambili, ndipo malo otsikilako monga m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika ku Mpulungu ndi ofunda.

Njila yabwino yodziwila ndi kuyang'ana m'dela lanu. Ngati muli mtengo wakale wa kapok umene umabala zipatso zambili, ndiye kuti malowo ndi oyenela, ndipo mbeu yabwino ndi ya mtengo womwewo. Ngati mulibe, yambani ndi mitengo iwili kapena itatu cabe, ndipo funsani alangizi a zaulimi kapena a ku Dipatimenti ya Zankhalango.

Kusankha malo

Mbande ya kapok imaoneka yaing'ono, koma m'zaka khumi idzakhala cimtengo. Mizu yake imayenda pafupi ndi pamwamba pa nthaka ndipo imafika kutali, moti ingathe kung'amba maziko a nyumba, mpanda wa njelwa, mapaipi a madzi ndi dzenje la cimbudzi. Nthambi zake ndi zofewa ndipo zimathyoka kukaomba cimphepo. Cotelo siyani mamita osacepela 20 kucoka pa chalichi, nyumba ya abusa, makalasi ndi nthambo za magetsi. Musabyale pamene ana amasewelela kapena pamene anthu amaimika motoka. Pamalile a munda kapena kumapeto kwa malo a mpingo ndi pamene payenela. Ngati mubyala mitengo yambili, pakati pa mtengo ndi unzake pakhale mamita 7 kapena kuposelapo.

Kubyala ndi njele

Tengani njele m'zipatso zokhwima bwino za caka comweco. Njele za kapok zili ndi mafuta, ndipo zikakhalitsa sizimela bwino. Ziviikeni m'madzi usiku umodzi, kenako muzibyale m'machubu odzaza ndi dothi la pamwamba losakaniza ndi manyowa oola ndi mcenga pang'ono. Musazikwilile kwambili, sentimita imodzi kapena awili akwanila. Njele zabwino zimamela pasanathe milungu iwili. Pa masiku oyamba nazale ikhale ndi kamthunzi, koma mbande zikatulutsa masamba angapo ziloleni zilandile dzuwa, cifukwa pamthunzi zimakula zoonda ndi zofooka.

Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya kwake mvula isanayambe, ndipo mubwezelemo dothi la pamwamba losakaniza ndi manyowa. Okelani mbande mvula ikakhazikika, makamaka mu Disembala, imene ndiyonso nyengo yobyala mitengo m'dziko lathu. Mukacedwa mpaka Febuluwale, mbande idzakumana ndi cilimwe isanazike mizu. Cotsani chubu ca pulasitiki mosamala kuti dothi lisamwazike, ikani mbande pamuyeso womwe inali m'chubu, tsindilani dothi ndi kuthilila.

Kubyala ndi nthambi

Kapok umaphukanso ukabyalidwa ndi nthambi, monga mmene timacitila ndi mitengo ina ya mpanda. Dulani nthambi yoongoka, yoloza kumwamba, ya zaka ziwili kapena zitatu, yonenepa ngati dzanja la munthu ndipo yotalika mita imodzi ndi theka. Izikeni m'dzenje kumayambililo kwa mvula. Ubwino wa njila imeneyi ndi wakuti mtengo watsopano umatengela zonse za mtengo umene mwadulako. Ngati unali wopanda minga ndi wobala kwambili, nao udzakhala wotelo, ndipo umayamba kubala msanga. Kuipa kwake n'kwakuti sukhala ndi muzu waukulu wopita pansi, motelo umavutika ndi cilala ndipo ungagwe ndi mphepo mosavuta kusiyana ndi wa njele.

Kusamalila

M'mela mpoyamba. Zaka ziwili zoyambilila ndi zimene zimafuna khama. Mbuzi ndi ng'ombe zimakonda masamba a kapok, conco mangani kampanda ka minga kapena ka njelwa kuzungulila mbande iliyonse. Limilani udzu, ndipo mvula ikatha lambulani mozungulila kuti moto wa m'thengo usafike, pakuti khungwa la mtengo waung'ono ndi lopyapyala. Ikani udzu wouma patsinde kuti cinyontho cisathe, koma usakhudze thunthu, cifukwa umaitana ciswe. M'cilimwe thililani ndowa imodzi kapena ziwili pamlungu. Kumalo ozizila, phimbani mbande ndi udzu kapena saka usiku wa mu Juni ndi Julayi.

Mitengo ikali yaing'ono, pakati pake mungathe kulima nshawa, nyemba kapena kayela. Mtengo wa njele umayamba kubala pakapita zaka zinai kapena zisanu, umafika pobala kwambili pa zaka pakati pa 7 ndi 10, ndipo ungapitilize kubala kwa zaka makumi angapo. Mtengo wokhwima pamalo abwino umabala zipatso mazanamazana pacaka.

Kukolola ndi kukonza ubweya

Zipatso zimakhwima patapita miyezi pafupifupi itatu kucokela pamene maluwa anatuluka. Nthawi yabwino yothyola ndi pamene zasintha mtundu n'kukhala zofiilila ndi zokwinyika, koma zisanasweke. Mukathyola zobiliwila ubweya umakhala wosakhwima ndipo umacita nkhungu. Mukacedwa, mphepo idzakukololelani. Popeza sizikhwimila pamodzi, pamafunika kubwelelako kangapo.

Gwilitsani nchito nsungwi yaitali yokhala ndi ngowe kumapeto. Musatume ana kukwela mtengowu, cifukwa nthambi zake zimathyoka mosacenjeza ndipo minga yake imalasa. Ubweya wogwela pansi umadetsedwa ndi fumbi ndipo uyenela kusungidwa paokha.

Yanikani zipatso padzuwa pamphasa kapena pa simenti kufikila zitayamba kusweka zokha. Ziswani ndi manja kapena ndi kamtengo, tulutsani ubweya pamodzi ndi njele, ndipo mutaye makoko ndi kamtima kouma ka pakati. Kuti mucotse njele, ikani ubweya m'dilamu kapena m'dengu lakuya, ndipo muupakase ndi kamtengo ka mphanda monga mmene timacitila ndi mphekeso. Njele, pokhala zolemela, zimatsikila pansi ndipo ubweya umatsala pamwamba. Kenako uyanikeninso padzuwa kwa maola angapo mutauphimba ndi neti yakale ya udzudzu kuti usauluke. Njele zonse ziyenela kucoka, cifukwa zikatsalila m'pilo zimaitana makoswe ndi tizilombo. Sungani ubweya m'masaka oyela pamalo ouma, ndipo musautsindile kwambili, pakuti ukapanikizika umathyoka n'kusiya kufutukuka.

Kusoka pilo ndi kushoni

Sankhani nsalu yolukidwa mothina, cifukwa pansalu yopepuka ubweya umatulukila. Sokani thumba lam'kati, lidzazeni pang'onopang'ono mukukankhila ubweya m'makona, kenako musoke pakamwa ndi kuvalika thumba lina lakunja limene lingathe kuvulidwa ndi kucapidwa. Kwa matilesi, sokani mfundo m'mizele kudutsa mbali zonse ziwili kuti ubweya usaunjikane mbali imodzi.

Pilo wa kapok sacapidwa. Akayamba kuphwa, muikeni padzuwa tsiku lonse ndi kumuguguda, ndipo adzafutukukanso. Pakapita zaka ubweya wina umasanduka fumbi, ndipo pamenepo muyenela kumasula, kupeta ndi kuonjezamo watsopano. Mwana wakhanda asagonekedwe pa pilo kapena pa cinthu ciliconse cofewa kwambili, cifukwa cingamutseke mphuno.

Njele, masamba ndi thabwa

Njele za kapok zili ndi mafuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai kapena asanu a kulemela kwake. Mafutawa amapangila sopo ndipo amathilidwa m'makina. Kumaiko ena amaphikila atawayenga m'fakitale, koma osayengedwa ali ndi zinthu zina zosayenela m'thupi, motelo si bwino kudyela mafuta ofinya pakhomo. Zotsala pofinya zingapatsidwe kwa ng'ombe pang'onopang'ono kapena kuthilidwa m'munda ngati manyowa. Nkhuku ndi nkhumba siziyenela kupatsidwa zambili.

Kumadzulo kwa Africa masamba anthete amaphikidwa ndiwo, ndipo amatelela ngati delele. Masamba ndi cakudyanso ca mbuzi ndi ng'ombe. Oweta njuci amapindula cifukwa kapok umacita maluwa m'cilimwe pamene maluwa ena ndi ocepa.

Thabwa lake ndi lopepuka ndi losavuta kusema. Ku West Africa amasemela mabwato akuluakulu ndi kupangila mapulanga opyapyala omatiza pamodzi. Koma silikhalitsa, ciswe ndi tofukula mitengo zimalidya msanga, conco si la denga kapena mizati. Nkhuni ndi makala ake n'zosalimba. Anthu ena amagwilitsa nchito khungwa ndi masamba ngati mankhwala acikuda, koma wodwala ayenela kupita kucipatala kukapimidwa m'malo modalila zimenezi.

Zofunika kusamala nazo

Walila mvula walila matope. Pali zinthu zitatu zimene wobyala kapok ayenela kuzidziwa.

Coyamba ndi moto. Ubweya wa kapok umayaka mofulumila kwambili, ndipo kamoto kakang'ono kakwanila kuyatsa saka lonse. Musaukonzele kapena kuusunga pafupi ndi mbaula, kandulo, koloboyi kapena munthu wokoka fodya. Musausunge m'khichini kapena m'nyumba yogona ya udzu.

Caciwili ndi cifuwa ndi maso. Timaubweya touluka timayabwa m'maso, m'mphuno ndi pakhosi. Pokonza, mangani kansalu kumphuno ndi kukamwa, ndipo gwililani nchito pamalo opita mpweya. Odwala mphumu kapena cifuwa cacikulu asagwile nao nchitoyi. Ici ndi cifukwa cinanso cosabyalila mtengowu pafupi ndi nyumba, sukulu kapena cipatala.

Cacitatu cikhudza alimi a thonje, makamaka a ku Eastern Province kumene mabanja ambili amadalila mbeuyi. Pali tizilombo tofiila tokhala ndi madontho akuda timene timayamwa njele za thonje n'kudetsa ulusi wake, ndipo thonje lodetsedwa limatsika mtengo pamsika. Tizilomboti timadyanso njele za kapok ndi za mlambe. Thonje likazulidwa m'minda, timakhala ndi kuswana pa njele za kapok zogwela pansi, kudikila mbeu ya caka cotsatila. Cotelo musabyale kapok m'mphepete mwa minda ya thonje, yanu kapena ya anansi anu. Ngati mtengo ulipo kale, kololani zipatso zonse ndi kusesa zogwela pansi. Phindu la munthu mmodzi lisakhale citayiko ca mnzake.

Mitengo ina yofanana nao

Ilipo mitengo ina ya ubweya imene anthu amaisokoneza ndi kapok weniweni. Wina ndi Ceiba speciosa wa ku South America, wa thunthu lotupa laminga ndi maluwa akuluakulu apinki, umene umabyalidwa m'matauni a kum'mwela kwa Africa kuti ukongoletse miseu. Umenewu umapililako kuzizila. Wina ndi Bombax ceiba wa ku Asia, wa maluwa ofiila kwambili. Ubweya wa mitengo yonseyi ungadzazile pilo, koma wa Ceiba pentandra ndi umene umadziwika pamalonda. Pogula mbande, funsani za maluwa a mtengo umene mbeuyo inacokela. Ngati anali ang'onoang'ono, oyelela ndi otseguka usiku, ndiye kapok weniweni.

Mtengo wa ku Freetown ndi zikhulupililo za anthu

Cifukwa ca ukulu wake, mitundu yambili ya anthu imaulemekeza. Dziko la Guatemala linausankha kukhala mtengo wa fuko mu 1955, ndipo uli pa mbendela ya Equatorial Guinea. Anthu a mtundu wa Maya anali kukhulupilila kuti umalumikiza kumwamba, dziko lapansi ndi malo a akufa. Kuzilumba za Caribbean ndi kumadzulo kwa Africa ena amaopa kuudula poganiza kuti mumakhala mizimu, monga mmene makolo athu anali kuonela mtengo wa msolo pothila nsembe. Mkhristu sayenela kuopa kapena kupembedza mtengo uliwonse. Genesis 1:11-12 itiphunzitsa kuti Mulungu ndiye analenga mitengo yonse, ndipo pa Aroma 1:25 Paulo acenjeza za kupatsa colengedwa ulemu woyenela Mlengi.

Mtengo wa kapok wochuka kwambili mu Africa unali pakati pa mzinda wa Freetown ku Sierra Leone, ndipo unali kudziwika ndi dzina lakuti Cotton Tree. Mu 1792 kunafika anthu pafupifupi 1,200 pa sitima 15 kucokela ku Nova Scotia m'dziko la Canada. Ambili anali akapolo ku America ndipo anali atapeza ufulu. Pakati pao panali alaliki, monga David George wa mpingo wa Baptist. Mbili imene anthu a kumeneko amasunga imati atatsika m'sitima, anasonkhana pansi pa mtengowu n'kucita mapemphelo oyamika Mulungu, ndipo pamenepo ndi pamene mzinda unayambila. Mtengowo unaima zaka zina zoposa 230, unajambulidwa pa ndalama za dzikolo, ndipo unagwa ndi mvula yamkuntho usiku wa pa 24 Meyi 2023.

Zimene mpingo ungacite

Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa nchito ziwili m'munda, kuulima ndi kuusunga. Mpingo umene uli pamalo ofunda, uli ndi malo aakulu, ndipo uli kutali ndi minda ya thonje, ungathe kubyala mitengo yocepa ya kapok pamodzi ndi ya zipatso ndi yacilengedwe ca kuno kwathu. Acinyamata angasamale nazale ndi kuthilila. Mitengo ikayamba kubala, amai a cigwilizano angasoke mapilo ndi makushoni ogwadila m'chalichi, ena n'kupatsa okalamba, odwala ndi ana a sukulu zogonela komweko. Msika wa ubweya wosasoka ndi wocepa kuno kwathu, conco phindu lili pa zinthu zosokedwa kale ndi pa kugwilitsa nchito pakhomo, osati pa kulima munda waukulu ndi ciyembekezo ca ogula ocokela kutali.

Musanabyale, khalani pansi monga akulu a mpingo ndi kugwilizana za malo, za amene adzathilila m'cilimwe, ndi za anansi amene mtengowo udzawakhudza. Mulembe m'buku la mpingo tsiku lobyala ndi kumene mbeu inacokela, kuti amene adzakolola zaka zikubwelazo adzadziwe, ndiponso kuti mipingo ina idzaphunzile pa zimene inu mwaona.